Nyimbo ya Binwell Inalibe Popumira

Inu amene muli ndi kanthu kamene munakayamba kalekale koma mukukabisabe, mukuti tidzakaona kakadzatha, khalani pansi ndikuuzeni za Binwell wa ku Dambe. Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu, ena osamva, ena aulesi, ena akuba choko, koma palibe amene anandiwawitsa mutu ngati ameneyu. Musandimve molakwa, ndimamukonda. Koma kutopetsa kokha ankatopetsa.

Lamulungu lina mu Epulo 1994, Binwell anaimiritsidwa kutsogolo kwa mpingo wonse. A Gerishon, mkulu wa mpingo amenenso ankatsogolera kwaya, anawerenga chigamulo osamuyang'ana n'komwe.

"Kuyambira lero Binwell sadzaimbanso m'kwaya. Nyumba ya Mulungu si bwalo la ndale. Malaya a kwayawo atsale."

Binwell anavula pomwepo, n'kuwapinda bwinobwino, n'kuwaika pabenchi. Mkati anali ndi kavesiti kobooka pamsana. Anayenda kuchokera kutsogolo mpaka kukhomo anthu onse akuona bowolo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wotsokomola. Ine ndinali pabenchi yachitatu. Sindinanene kanthu, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Kuti mumvetse kukula kwa chilangocho, dziwani kuti kwaya ndi chinthu chokhacho chimene Binwell anali nacho. Makolo ake onse anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anakulira kwa amalume ake, pakhomo pa ana asanu ndi atatu, pomwe pogawa chilichonse ankamukumbukira mbale itayera kale. Sitandade 8 analemba kawiri m'kalasi mwanga, ndipo kawiri konseko dzina lake silinatuluke. Masamu sankalowa, ndinayesa njira zonse. Koma mukamuimbira nyimbo kamodzi, mawa lake ankabwera atapeza kale mawu a sopulano, aluto, tena ndi besi. Gitala anachita kukhoma yekha ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Mkati mwa sabata ankakankha matumba a mbatata ya kachewere panjinga ya amalumewo kupita nawo kumsika wa ku Neno Boma. Loweruka ndi Lamulungu ankakhala munthu, chifukwa kukwaya dzina lake linkaitanidwa pamodzi ndi la wina aliyense.

Nanga analakwa chiyani? Phuma. Anapeka kolasi yokoma, mavesi asanabwere n'komwe, ndipo inkamuyabwa pakhosi. Tsiku la msika anakhala pathumba la mbatata n'kumuimbira Fackson, mnzake wogulitsa kaunjika.

"Ili bwanji?" anafunsa Binwell.

"Moto, amwene! Taimbanso," anatero Fackson.

Anaimbanso. Anaimba kanayi konse, akusekerera ngati wapatsidwa ufumu. Imeneyo inali nthawi ya kampeni ya chisankho choyamba cha zipani zambiri, pamene anthu amene anatseka pakamwa zaka makumi atatu anatsegula onse nthawi imodzi. Patangotha masabata awiri, lole yodzaza anyamata a chipani china inadutsa ku Dambe ikuimba chuni cha Binwell, koma mawu ake ali otukwana munthu wina amene ankapikisana nawo pa mpando wa phungu. Tsoka lake, wotukwanidwayo anali mlamu wawo wa a Gerishon. Ndipo Fackson, poganiza kuti akumukweza mnzake, ankauza aliyense kuti chuni chimenechi n'cha Binwell wa ku Dambe.

Munthu wanzeru akanaphunzirapo kusankha womuimbira. Binwell anaphunzirapo kusaimbira aliyense.

Apa ndiye panayambira mavuto anga. Kupeka sanasiye ayi, ndipo pa chimenechi ndimamupatsa ulemu. Akaweruka ku mbatata ankapita kuseri kwa phiri, kumunda wa tirigu wa amalume ake, n'kukhala pamwala wina wafulati ndi gitala yake. Ine ndinkadutsa njira imeneyo pochokera kusukulu. Ndikamva mawaya akulira ndinkapatuka, koma ndikangoyandikira kunkangoti zii.

"Binwell, ndamva gitala."

"Ndi mphepo, aphunzitsi."

"Mphepo ya ku Dambe yayamba liti kuimba tena?"

Ankaweramitsa mutu. "Sinathe, aphunzitsi. Ikatha mudzaimva."

Chaka chinatha. Sinathe. Chisankho chinapita, wopambana anapambana, mlamu wa a Gerishon anabwerera ku golosale yake, anthu anaiwala za loleyo. Sinathe. Ndinamupatsa makope akale kuti azilembamo mawu a nyimbo, anadzaza atatu. Kutchalitchi ankabwerabe, n'kukhala pabenchi yakumbuyo, milomo ikugwedera kwaya ikamaimba koma mawu osatuluka. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, ndinafika pomuopseza kuti ndilanda makope anga. Yankho linali lomwelo. Zaka zitatu, abale anga. Mwana wobadwa tsiku limene anamuchotsa m'kwaya anali atayamba kale kutumidwa kukapala moto, koma nyimbo ya Binwell sinathe.

Mu Juni 1997 kunabwera uthenga. Bambo wina wa ku Blantyre, mwini makina ojambulira nyimbo, anati adzafika ku Lisungwi mu Ogasiti kudzajambula makwaya asanu pa kaseti imodzi. Kwaya iliyonse inapatsidwa malo a nyimbo ziwiri, koma zopeka okha, osati za m'buku. Masiku amenewo kaseti inali chinthu chachikulu. Neno inali ikadali pansi pa Mwanza, msewu wathu ukakumana ndi mvula galimoto zinkagona panjira, ndipo anthu a m'tauni ankaganiza kuti kwathu kumangochokera mbatata ndi manachesi. Kumva mawu a ku Dambe akutuluka mu wailesi ya pamsika chinali chinthu chosalota n'komwe.

Vuto linali lakuti kwaya yathu inali ndi nyimbo imodzi yokha yopeka yokha, nayonso yotha mano. A Gerishon anayesa kupeka yachiwiri, koma inatuluka ngati chilengezo cha maliro. Ndinapita kunyumba kwawo kukamupemphera Binwell mpata, chipewa chili m'manja, ndipo tinazungulira nkhani mpaka tiyi kuzizira.

"Chabwino, aphunzitsi," anatero pomaliza. "Ndimupatsa mpata umodzi. Nyimbo yake ikaima, abwerera m'kwaya. Ikagwa, malo achiwiriwo tipereka kwa anzathu a ku Lisungwi, ndipo iye asadzayandikirenso kwaya ine ndili moyo."

Panali masabata asanu ndi limodzi. Ndinathamanga ngati mwana kukamuuza Binwell kumwala kwake. Anagwetsa misozi, anandigwira dzanja ndi manja awiri, anathokoza Mulungu. Ndinamuuza kuti Loweruka lomwelo apite nayo kwa anzake kuti ayambe kuizolowera.

"Sinathe, aphunzitsi."

Ndinakhala pansi, chifukwa ndikanaimirirabe ndikanachimwa.

Sabata yoyamba inapita, yachiwiri, yachitatu. Anthu a kwaya ankasonkhana Loweruka lililonse n'kumayang'ana kukhomo. Binwell ali pamwala, akusintha liwu limodzi, mawa lake n'kulibwezeretsa. Ankaopa kuti akaitulutsa isanakhwime wina aithawitsanso, kapena aiseka. Anabwera nayo patatsala masabata awiri okha, atasamba, kope lili m'khwapa.

Inali ndi mavesi asanu ndi anayi. Anakhala pampando kutsogolo n'kuiimba yekha ndi gitala, ndipo ndisaname, inali yokoma. Inali nyimbo ya mwana wamasiye akulankhula ndi Mulungu, ndipo kolasi yake inkati:

Pogawa anandidumpha,
koma Inu mwandiwerenga.

Ine ndinapukuta m'maso. Atamaliza anayang'ana anthu makumi awiri ndi awiri a kwayawo n'kufunsa funso lake lija.

"Ili bwanji?"

Kenako bambo wina wa besi anati, "Ndi yabwino." Wina anati, "Yabwino kwambiri." Amayi anavomereza ndi mitu, maso ali pansi.

Inu mukudziwa mmene tilili ife. Munthu akakugwirira chinthu chake ndi manja awiri n'kukufunsa pagulu, sunganene kuti chaipa. Ndiwo zikapanda mchere timati zakoma, kenako timakadandaula panjira. Nanga kuli bwanji kwa mwana wamasiye amene tonse tinamuonerera akuchititsidwa manyazi? Aliyense m'chipindamo anali ndi kamlandu kake mumtima, ndipo ankaona ngati "ndi yabwino" ndiye kupepesa kwake. Binwell anamva zimene ankafuna kumva, n'kumwetulira mpaka m'makutu.

Kenako a Gerishon anaimika anthu m'mizere. Kwathu kwaya siimba chiimire ngati mitengo. Imaponda sitepe, kumanja, kumanzere, kuwerama, kudzuka, manja akupita uku ndi uku. Atangoyamba, zinthu zinaonekera poyera. Vesi loyamba a sopulano anakwera mpaka mawu kusweka. Vesi lachiwiri a aluto anayamba kutsokomola mmodzimmodzi. Pofika lachitatu ankaimba ndi Binwell yekha, ena onse akungoponda pansi, pakamwa pali yasa. Anabwereza kasanu, ndipo ulendo uliwonse inkafera pamalo omwewo.

"Simukuyesetsa!" anakuwa Binwell. "Ine ndimaimba yonse osavutika. Mwanena nokha kuti ndi yabwino!"

A Gerishon anatseka buku lawo.

"Loweruka likubwerali ndi lomaliza," anatero.

Zimene zinachitika Lolemba anandiuza ndi anthu awiri, aliyense mokometsera mbali yake, ndiye ndatenga zapakati. M'kwayamo munali a Mailesi, mayi wa ana anayi, woimba aluto, amene ankalima mbatata kudimba n'kumakagulitsa ku Boma. Anthu ankawaopa chifukwa pakamwa pawo panalibe chotsekera. Loweruka lija iwo okha sananene kuti nyimboyo ndi yabwino, koma sananenenso kuti ndi yoipa. Lolemba m'mawa anamupeza Binwell ali pamwala pake, akusinthanso liwu lina m'vesi lachisanu ndi chimodzi.

"A Binwell, tsikani pamwalapo. Tiyeni kudimba."

"Ndikukonza nyimbo, mayi."

"Mwaikonza zaka zitatu. Gitalayo isiyeni, palibe angaibe. Tiyeni."

Dimba la a Mailesi linali kumunsi kwenikweni m'chigwa, ndipo mbatata yokumbidwa ankachita kuisenza pamutu kukwera nayo chitunda mpaka kumsewu. Anadzaza dengu n'kumusenzetsa.

"Kwerani mukuimba. Vesi loyamba."

Binwell anali ndi mphamvu, munthu wokankha matumba tsiku ndi tsiku. Anayamba molimba mtima. Mzere woyamba unatuluka. Wachiwiri unatuluka theka. Pofika wachitatu anali akupumira m'mwamba, maso atatuluka, mawu atasanduka kulira kwa mbuzi. Anaima n'kutsamira mtengo.

"Bwanji mwasiya?" anafunsa a Mailesi. "Simukuyesetsa."

Binwell anapukuta nkhope, akufunafuna mpweya.

"Nyimbo yanu ilibe popumira, a Binwell. Mzere ukutha, wina wayamba kale. Inu munaipeka mutakhala pamwala, thupi lili phee. Ife timaimba tikuponda sitepe, wina mwana ali kumbuyo, wina ndi woyembekezera. Mpweyawo tiutenge kuti?"

"Nanga bwanji onse anati ndi yabwino?"

"Munafunsa pagulu. Mumafuna anene chiyani? Kodi inu mwabadwa lero kuno?" Anamuthandiza kutula dengulo. "Mukanabwera nayo ikadali yaiwisi tikanaiwongola limodzi. Inu mwabwera nayo mutaiwotcha kale ngati njerwa, ndiye muzitifunsa ngati yakhota?"

"Yaiwisi ndinapatsa Fackson," anatero Binwell mokwiya. "Munaona nokha zimene zinandichitikira."

"Fackson amaimba kwaya iti? Munapatsa munthu wongomvera, woti akakomedwa aombe m'manja n'kupita nayo kumene akufuna. Nyimbo yosatha mumapatsa anthu amene adzaisenze. Ikatilemera ndife, tinena, chifukwa manyazi a ku Lisungwi adzakhala athu."

Tsiku lomwelo a Mailesi anaitana amayi ena awiri a kwaya amene ankawathandiza kukumba mbatata, mmodzi wa sopulano, wina wa aluto. Anaika lamulo.

"M'mawa mutiphunzitse kamodzi, kenako mutseke pakamwa. Musatifunse kuti ili bwanji, tikunamizani. Muzingosenza dengu n'kumamvera. Pamene tizisiyira, vuto lili pamenepo."

Kuuza Binwell kuti atseke pakamwa nyimbo yake ikuimbidwa molakwika kunali kumupha. Lachiwiri amayiwo, osapangana, anaitsitsa kuti igwirizane ndi makosi awo.

"Si choncho!" anakuwa ali kumbuyo ndi dengu lake.

"Pakamwa, a Binwell," anatero a Mailesi osacheuka.

Anakwera chitundacho maulendo asanu ndi awiri tsiku limenelo. Ulendo wachinayi anazindikira kuti amayiwo akumameza mawu ena kumapeto kwa mzere kuti apeze popumira, ndipo chodabwitsa n'chakuti tanthauzo silinkasowa. Mawu amene iye anawasankha miyezi yathunthu ankagwera m'njira, nyimbo n'kumayendabe. Lachitatu mavesi asanu anasowa okha. Palibe ananena kuti tiwachotse, amayiwo ankangoti akafika pamenepo n'kulumphira ku kolasi. Ndipo ku kolasiko mayi wa aluto uja anayamba kuyankha pansipansi kuti "mwandiwerenga, mwandiwerenga", chinthu chimene Binwell sanachiganizepo zaka zitatu zonse. Madzulo anabwera kwathu akudandaula kuti akumuphera nyimbo, koma ndinamumva akung'ung'udza kayankhidwe ka mayi uja potuluka pakhomo.

Lachinayi ndiye kunavuta. Vesi lachisanu ndi chiwiri linali la amayi ake. Linkafotokoza mmene anawanyamulira pamachira kutsika nawo phiri kupita kuchipatala, iye ali mwana akuthamanga pambuyo, ndi mmene anamwalirira asanafike. Vesi limeneli analipeka chaka chathunthu, ndipo linali lalitali kuposa onse. Amayi atatu aja analiyesa ndi mtima wonse, chifukwa ankadziwa kuti ndi la ndani, koma mawu anali ambiri ndipo ankangopunthwa. Ulendo wachitatu analilumpha.

Binwell anatula dengu pakati pa njira.

"Ili lokha ayi. Mukachotsa ili, nyimbo yanga ndatenga."

Anatembenuka n'kumapita, mbatata zikugubuduka kutsetsereka.

A Mailesi anatuma uthenga kusukulu, ndipo nditaweruka ndinapita kumwala kuja nditakwiya kale. Patsala masiku awiri, munthu akunyanyala! Ndinamulalatira. Ndinamuuza kuti makope atatu aja akuimba ndi chiswe. Ndinamuuza kuti amayi atatu asiya ntchito yawo chifukwa cha iye, kuti ine ndinakagwada kwa a Gerishon ndi imvi zangazi, ndipo kuti ngati akufuna kufera pamwala anene tidziwiretu pokumba manda. Anandisiya mpaka ndinatopa ndekha.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa, "chithunzi cha amayi ndilibe. Nsalu yawo ngakhale imodzi ndilibe. Pamene anagona amalume amangoloza ndi chala kuti ndi cha apo. Ndili ndi vesi limeneli basi."

Ndinakhala naye pamwalapo kanthawi, kenako ndinanyamuka. Panjira ndinadziuza kuti nkhani yatha, ndipo ndinayamba kuganiza mawu okapepesera kwa a Gerishon.

Koma Lachisanu m'mawa a Mailesi atafika kudimba anamupeza ali kale pomwepo, atatola mbatata zonse zimene anamwaza dzulo lake. Palibe anamutuma. Anawadikira amayi onse atatu, ndipo ulendo uno sanafunse kuti ili bwanji. Anafunsa funso lina.

"Mayi, pa vesi la amayi anga lija, mawu amene atsala m'mutu mwanu ndi ati?"

A Mailesi anaganiza pang'ono, n'kuimba mzere umodzi:

Anandisiya panjira, dzuwa lili pamutu.

Anafunsa mayi wachiwiri payekha. Anaimba mzere womwewo. Wachitatu chimodzimodzi, ndipo anawonjezera kuti dzulo lake ankauimba akutsuka mbale mpaka mwamuna wake anamufunsa ngati kwagwa zovuta. Pa mizere isanu ndi itatu ya chaka chathunthu, umene unalowa mwa anthu unali umodzi.

Binwell anafukula dothi ndi chala chakuphazi.

"Basi, umenewo ukhale," anatero. "Muuimbe a aluto okha, pang'onopang'ono. Mukatha muime, mupume nonse, kenako kolasi."

"Enawo?" anafunsa a Mailesi.

"Enawo ndi anga. Ndiziimba ndekha."

A Mailesi amati Binwell atanena zimenezi anasenza dengu n'kutsogola yekha kuti asamuone nkhope. Iye amakana, amati linali thukuta.

Loweruka nyimbo inafika kukwaya ili ndi mavesi atatu ndi mzere umodzi uja. Amayi atatu anaiyamba, ndipo ulendo wachitatu kwaya yonse inali itaigwira, masitepe ndi zonse. A besi anapeza okha polowera. Panalibe wotsokomola. A Gerishon anamvetsera atapinda manja, nkhope ili gwa ngati mwa masiku onse. Itatha anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, kenako anati:

"Lole inyamuka Lachisanu m'mawa. Wochedwa atsala. Binwell, ukaime kumbuyo ndi a tena."

Kwa a Gerishon kumeneko ndiye kunali kukumbatira.

Ku Lisungwi kunkatentha, ndipo ife a kumapiri tinatsika lole titavala majuzi, anthu akutiseka. Kujambulako kunachitikira m'kalasi ina yopanda magalasi m'mawindo. Makina ankayendera batire la galimoto, ndipo mwini wake ananeneratu kuti nyimbo iliyonse ijambulidwa kamodzi kokha, wolakwitsa alakwitse. Makwaya atatu anaimba ife tikudikira pansi pa mtengo. Binwell sanadye kanthu. Ankangoyendayenda n'kumafunsa a Mailesi ngati sikukanakhala bwino kubwezeretsa vesi lachisanu, mpaka iwo anamuuza kuti akalankhulanso amukhazika padengu.

Nthawi yathu itakwana tinalowa. Nyimbo yoyamba, yotha mano ija, inadutsa bwinobwino. Kenako inayamba ya Binwell. Vesi loyamba, kolasi. Lachiwiri, kolasi. Anthu a makwaya ena anayamba kudzaza m'mawindo. Atafika pa mzere uja, onse anasiya kuponda, a aluto okha n'kuimba motsitsa kuti anandisiya panjira, dzuwa lili pamutu. Kenako anaima. M'kalasi monse munangoti zii, ndipo anthu makumi awiri ndi atatu anakoka mpweya nthawi imodzi. Kolasi imene inatuluka pambuyo pake sindinaimvepo chiyambire. Mayi wina pawindo, mlendo woti sitikumudziwa, anaika chitenje kumaso.

Itatha, mwini makina anabweza tepi n'kumvetsera, kenako anapukusa mutu.

"Nyimboyi ndi yamphamvu, koma pakatipa pamveka phokoso. Kupuma kwanu kwalowa m'makina. Ndikakafika ku Blantyre ndikadulapo. Wapeka ndani?"

Anthu anapatuka, Binwell n'kutsala poonekera. Ndinagwira mtima, poganiza kuti tsopano ayamba kupempha kuti abwereze, asinthe apa, awonjezere apo. Iye anayenda mpaka pa tebulo la makinawo.

"Musadulepo, bambo," anatero. "Kupumako n'kwa nyimbo yomweyo. Tinakuvutikira sabata yathunthu."

Bamboyo anamuyang'ana, anamvetseranso kachiwiri, n'kusiya momwemo.

Kasetiyo inatuluka chakumapeto kwa chaka. Inalira pamsika wa ku Boma, ku Zalewa, ku Mwanza, ndipo amene anaimvapo akudziwa kuti pakati pa nyimbo yachisanu ndi chitatu pamamveka anthu akupuma. Makwaya a mipingo ina anayamba kukwera phiri kudzafuna Binwell kuti awapekere nyimbo. Pofika 1999 a Gerishon anati miyendo yatopa ndi masitepe, n'kumusiyira kwaya yonse. Munthu amene dzina lake linakana kutuluka kawiri pa mayeso anga anayamba kuphunzitsa aphunzitsi kaimbidwe.

Musaganize kuti anasintha n'kukhala mngelo. Mpaka pano akapeka kolasi ndi vesi limodzi amatsika nazo kudimba la a Mailesi, ndipo amakangana nawo pa mzere uliwonse ngati akulimbirana malire a munda. Amanyanyala, amabwerera. Koma amapita nayo ikadali yofewa, kwa anthu ochepa amene adzaiimbe, ndipo amamvera pamene akusiyira.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikudziwa kuti muli ndi kanu. Mwina munakaonetsa munthu wolakwika n'kupsa nako, ndipo kuyambira pamenepo munalumbira kuti simudzayesanso. Zinawawa, sindikutsutsa. Koma kukhala nako nokha sikukakonza, chifukwa pamene mwakhalapo simungadziwe pamene kakulemera. Musakapereke kwa wongoombera m'manja, ndipo musadikire kuti kathe. Pezani anthu awiri kapena atatu amene adzakasenze nanu, muwapatse sabata ino, kenako mutseke pakamwa n'kumvera. Adzakuchotserani zina zimene mumazikonda, ndipo mudzalira. Chimene chidzatsale chidzafika kumene inu nokha simukanafika.

Osataya mtima, abale anga. Koma chonde, osatidikiritsanso zaka zitatu.